Musanaombe m'manja pomva za chiletso

Mu Malichi 2025 unduna wa zamalonda unalengeza kuti katundu wina asamalowenso m'dziko muno kuchokera kunja, ndipo anthu ambiri anaomba m'manja. Mndandanda wake unali wogwira mtima: ufa wa chimanga, mpunga, mbatatesi, anyezi, adyo, mkaka, mazira, uchi, madzi a m'mabotolo, machesi, ngakhale timitengo totokosera m'mano. Nduna ya nthawiyo, a Vitumbiko Mumba, inati cholinga n'kuteteza alimi ndi mafakitale athu, komanso kusunga ndalama zakunja zomwe zinali zitasoweratu. Akanatsutsa ndani? Dziko lokhala ndi nyanja yaikulu chonchi kumaitanitsa madzi akumwa kunja, manyazi ake ndi osabisika.

Pa Nkope, m'mbali mwa msewu wochoka pa boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay, nkhaniyi inalandiridwa bwino m'magolosale ndi pamathandala oanikira usipa. Mawu anali amodzi: zakhala bwino, azigula zathu. Ndikulembera inu a kunyanja kuno, ndi inu a kumtunda amene mumalima nandolo ndi chimanga, chifukwa inuyo munaimapo kale kunja kwa chipata chotsekedwa ndi boma la eni, ndipo munalira. Papita zaka zochepa chabe, koma zikuoneka kuti tayiwala.

Kumtunda kwa Nkope, kumene mchenga umathera n'kuyamba minda yamiyala, kunali bambo wina amene dzina lake ndilisunga. Anali mlovi, wokoka chilimira cha eni ake, wogona pamadzi usiku n'kulandira kagawo kake m'mawa. Mu 2015 ndi 2016 anaona anzake olima nandolo akusintha. Mavenda ankafika ndi masikelo mpaka pakhomo, akulimbirana, kilo imodzi kufika K500 ngakhale kuposa. Wina anafolera nyumba ndi malata, wina anagula njinga yamoto n'kuyamba kabaza. Bamboyu anati basi, za kunyanja zakwana. Anabwereka minda iwiri, mkazi wake anamutengera ngongole ku banki m'khonde, ndipo ya aganyu opalira anakaitenga kwa wakatapila. Nandolo kwathu kuno timamubzala m'mizere ya chimanga, koma iye anabzala nandolo yekhayekha.

Mkazi wake anayesa kumubweza. "Bambo a ana, bwanji munda umodziwu tisiyire chimanga? Ana sadya ndalama."

"Mayi, chimanga tidzachita kugula. Thumba limodzi la nandolo likubweretsa matumba angati a chimanga? Chaka chino mugona m'nyumba ya malata."

Sanali wopusa bamboyu, anawerengera bwino ndi mitengo imene ankaiona. Chimene sankachidziwa ndi kumene mtengowo unkachokera. Nandolo wathu wouma wotumizidwa kunja pafupifupi yense amathera ku India, kumene amamusenda n'kuphika ndiwo ya tsiku ndi tsiku. Mu 2014 ndi 2015 mvula kumeneko inavuta zaka ziwiri zotsatizana, nandolo anasowa, mtengo unakwera mpaka kukhala nkhani ya ndale. Ndiye amalonda anathamangira ku Malawi, Mozambique, Tanzania ndi Myanmar. Boma la India linalimbikitsa alimi ake kuti abzale wambiri, mvula inabwera, ndipo mu 2017 anakolola nandolo wochuluka kuposa kale lonse. Mtengo utagwa, alimi a ku Maharashtra ndi Karnataka anayamba kukuwa kuti wakunja akuwaphera msika. Mu Ogasiti 2017 boma lawo linalamula kuti nandolo wolowa asapyole matani 200,000 pachaka, ndipo mlingowo unali utakwana kale. Mozambique yokha inapulumukako, chifukwa mu Julayi 2016 mtsogoleri wa boma la India, Narendra Modi, atapita ku Maputo anasainirana pangano logula nandolo wa kumeneko. Ife tinalibe pepala lililonse.

Ogasiti ndi mwezi umene nandolo amakhala akuuma m'minda ya ku Mangochi, Machinga, Balaka ndi Zomba. Bambo uja anamenya nandolo wake, anapeta, anathira m'matumba, n'kudikira mavenda. Sanabwere. Atawalondola pamsika, wasikelo anangoti, "Achimwene, ku Limbe sakugula, akuti ku India atseka. Mukafuna ndikupatsani K100, apo ayi bwererani naye." Anabwerera naye, poganiza kuti mtengo udzuka. M'malo modzuka unatsikirabe, anankafumbwe analowa m'matumba, wakatapila anayamba kufika m'mamawa. Njinga yakapalasa inapita, mbuzi zinapita, amayi a banki m'khonde anabwera kudzanyamula ziwiya. Chaka chisanathe bamboyu anali atakwera basi ya ku Joni, monga achitira anyamata ambiri a ku Mangochi zinthu zikathina, kusiya mkazi akuyenda m'madoko kupempha ganyu yoanika usipa.

Taganizani bwino za nduna ya ku India imene inasaina lamulo lija. Sinkadana ndi munthu wa ku Nkope, sinkadziwa n'komwe kuti kuli malo otchedwa Nkope. Inachita zomwe ifenso tinachita mu Malichi 2025: inamva kulira kwa alimi ake, inatseka chipata, ndipo anthu ake anaomba m'manja. Mawu amene ankanenedwa ku New Delhi ndi omwewo amene tinkanena pamathandala, akuti tizigula zathu. Chiletso chilichonse chili ndi munthu amene amachilipira, ndipo kawirikawiri amakhala munthu amene sanaitanidwe kumsonkhano. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Ifeyo chinationa kale, ndiye tilibe chifukwa chonamizira kuti sitidziwa kuwawa kwake.

Chaka chomwecho cha 2017 panali chipata china chotseka, ndipo ichi anatseka ndi boma lathu lomwe. Pambuyo pa njala ya 2016, pomwe anthu oposa 6 miliyoni anafunika thandizo la chakudya, mvula inagwa bwino ndipo dziko linakolola chimanga choposa matani 3 miliyoni. Lamulo loletsa kutumiza chimanga kunja linali likugwirabe ntchito. Asilikali anatumizidwa m'malire, magalimoto a chimanga anagwidwa ku Chitipa ndi ku Karonga, pomwe ku Kenya kunali chilala ndipo ogula anali okonzeka kulipira bwino. Boma linati mtengo wotsikitsitsa wogulira kwa mlimi ukhale K170 pa kilo, koma m'midzi yambiri mlimi sankaona ngakhale K100. Bungwe la Farmers Union of Malawi linadandaula mpaka mawu kutha.

Kunena zoona, pa Nkope ambiri anasangalala chaka chimenecho, ndipo sindingawadzudzule. Mlovi salima chimanga chomukwanira, amachita kugula. Chimanga chikatchipa, kagawo ka usiku umodzi kamadyetsa banja masiku angapo. Amene anaona mwana wake akugona ndi njala mu 2016 ali ndi ufulu wonena kuti chimanga chisatuluke. Mfundo imeneyi ndi yolemera, ndipo aliyense wotsutsa ziletso amene sanagonepo ndi njala ayenera kuimva kaye asanatsegule pakamwa.

Koma funsani amayi a geni amene amaoda usipa pano n'kukagulitsa ku Ntcheu, ku Dedza ndi m'misika ya ku Lilongwe. Wogula usipa wawo ndani? Ndi mlimi wa chimanga yemwe uja. Iye akagulitsa thumba pamtengo wosabweza ngakhale ndalama ya feteleza, ndiwo zake zimakhala nkhwani ndi chisoso, ndipo usipa umabwerera kunyanja m'madengu. Chaka chotsatira mlimiyo amachepetsa munda, kapena amabzala wopanda feteleza, ndipo chimanga chimene tinkachitsekera kuti chichuluke chimayamba kuchepa. Pulezidenti Peter Mutharika anachotsa chiletsocho kumapeto kwa Okutobala 2017. Pofika nthawiyo mlimi wamng'ono anali atagulitsa kale, chifukwa fizi ndi ngongole sizidikira. Chimanga chinali m'nyumba zosungiramo katundu za amalonda akuluakulu amene anachigula motchipa, ndipo phindu la kutsegulako linagwera iwo. Mu Febuluwale 2018 chipata chinatsekedwanso. Mlimi angakonzekere bwanji ulimi wake pamene lamulo likusintha kawiri m'miyezi inayi?

Pali china chimene aliyense wokhala pafupi ndi malire amachidziwa. Chiletso sichiimitsa katundu, chimangomusamutsa kuchoka pamsewu kupita m'tinjira tausiku. Wamphamvu amapeza chilolezo ku likulu, wochenjera amalipira kangachepe pachipata, ndipo ndalama ya chiphuphuyo amaichotsa pamtengo wa mlimi n'kuiwonjezera pamtengo wa wogula. Wogwidwa amakhala mayi wa matumba awiri pa njinga.

Komanso tisaiwale kuti ife a ku Mangochi timadya chimanga cha eni. Zaka zambiri, nkhokwe zikayamba kupepuka, chimanga chimene chimafika m'misika yathu chimachokera ku Niassa, kulowera pa Chiponde moyang'anana ndi Mandimba, ndi m'tinjira ta ku Katuli, pa njinga ndi pamutu. Anthu a tsidya lino ndi tsidya ilo ndi amodzi, amalankhula Chiyao chimodzi, amakwatirana, amaikana maliro. Tsiku limene boma la Mozambique lidzanene kuti chimanga chathu n'chathu, nsima idzachepa pa Nkope sabata yomweyo. Tinalawako mu 2024. Chilala cha El Niño chitagwa, pulezidenti wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, koma Zambia, imene inapsanso ndi dzuwa lomwelo, inali italetsa kale chimanga chake kutuluka. Kumayambiriro kwa 2025 thumba la makilogalamu 50 linafika K100,000 m'madera ena a kummwera, ndipo mabanja ankagula ufa wa m'timapepala wongokwana mphika umodzi. Zambia sinatichitire nkhanza yachilendo. Inachita zimene ife timachita tikakhala ndi chimanga.

Chiletso cha mu Malichi 2025 sichinathe masabata asanu ndi awiri chisanabweze moto. Nthochi, mpunga, ufa ndi tomato za amalonda a ku Tanzania zinakanizidwa pa Songwe, zina n'kuwolera pomwepo. Nduna ya zaulimi ya dzikolo pa nthawiyo, Hussein Bashe, inachenjeza, ndipo pa 23 Epulo inalengeza kuti zokolola za ku Malawi zisalowenso ku Tanzania, katundu wa zaulimi wopita ku Malawi asadutse m'dziko lawo, ndipo feteleza amene timakatenga kumeneko aimitsidwa. Apa m'pamene tinakumbukira kuti tilibe doko la panyanja yamchere, kuti mafuta ambiri amene amayendetsa injini za maboti athu amatsikira ku Dar es Salaam. Patangopita masiku ochepa Tanzania inachotsa chiletso chake kuti pakhale zokambirana, ndipo pa 2 Meyi nthumwi za maiko awiriwa zinagwirizana ku Dodoma. Zinatha bwino, koma amayi a ku Karonga amene nthochi zawo zinaonongeka palibe anawabwezera mpamba. Ndipo nthochi za ku Tanzania zinadzaza misika yathu chifukwa matenda a chisaka anapululutsa nthochi za ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay. Kutseka pa Songwe sikudzutsa phata limodzi la nthochi ku Thyolo.

Musandimve ngati ndikunena kuti zipata zonse zikhale pululu. Tinayesapo zimenezo, ndipo mabala ake alipo. Kuyambira m'ma 1980, potsatira malangizo a IMF ndi World Bank, tinatsitsa misonkho ya katundu wolowa mofulumira kuposa mmene mafakitale athu akanapirira. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons ku Blantyre, imene inkalemba anthu masauzande ndi kugula thonje la ku Balaka, Salima, Mangochi ndi ku Chigwa cha Shire, inafooka pakati pa kaunjika ndi nsalu zotchipa za ku Asia mpaka kugulitsidwa mu 2003. Fakitale yoika zipatso m'zitini ku Mulanje inatsekedwa, zinanazi n'kumawolera m'mbali mwa msewu. Lero mnyamata wa ku Nkope amene akanagwira ntchito yoluka nsalu akugulitsa malaya ovalidwa kale ku Ulaya. Ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mwini chilimira aliyense akudziwa zimene zinachitikira mtengo wa ukonde, injini ndi petulo, poti zonsezi n'zakunja. Dziko limene limagula zambiri kuposa zimene limagulitsa silingapitirire choncho mpaka kalekale. Amene amanena zimenezi akunena zoona. Palinso ziletso zoteteza ku matenda a mbewu ndi ziweto, zimene munthu wanzeru sangazitsutse ngati matendawo alipodi.

Nkhani ndi ya mtundu wa chiletsocho. Ife a kunyanja tili ndi chitsanzo pakhomo pomwe. Chaka chilichonse pa 1 Novembala makoka amaletsedwa kuti chambo chiswane. Lamuloli limawawa, koma aliyense amadziwa tsiku loyamba, tsiku lotsegulira ndi chifukwa chake, ndipo pamapeto timayembekezera kuona nsomba zitachuluka. Zikapanda kuchuluka, timadziwa kuti pena pake palakwika. Chiletso cha malonda chiyenera kukhala chotero. South Korea inatetezadi mafakitale ake m'ma 1960 ndi 1970, koma boma linkawapatsa mlingo wa katundu woti agulitse kunja, ndipo wolephera ankalandidwa thandizo. Kwathu kuno chiletso chimabwera ndi chikalata chimodzi, popanda ngongole ya makina, popanda magetsi odalirika, popanda mbewu yabwino ya anyezi kapena mosungira mbatatesi, popanda wofunsidwa kuti pofika chaka chakuti udzakhala utapanga zingati. Wopanga katundu amene akanalimbikira kuti apikisane amangopeza mpata wokweza mtengo, poti wogula alibe kothawira.

Onani shuga. Nzimbe zakhala zikulimidwa ku Nchalo kuyambira m'ma 1960, kenako ku Dwangwa, ndipo kuti munthu alowetse shuga wakunja amafunika chilolezo cha boma. Chitetezo chimenechi chasunga ntchito za anthu masauzande, ndipo shuga amatibweretsera ndalama zakunja. Izi n'zabwino, sindikuzichepetsa. Koma mu 2024 tinaona mizere ya anthu ofuna shuga m'masitolo, paketi imodzi pa munthu, mavenda akugulitsa panja pamtengo wokwera. Mayi wophika mandasi ndi tiyi padoko la Nkope ndiye ankalipira. Ngati patatha zaka zoposa makumi asanu mwana akufunikabe kuberekedwa, tili ndi ufulu wofunsa kuti adzayenda liti, ndiponso kuti womubereka ndani. Akuluakulu a m'midzi akukumbukiranso masiku amene ADMARC, kuyambira 1971 mpaka 1987, inali yokha yololedwa kugula mbewu zambiri za mlimi wamng'ono. Msika unali pafupi ndipo unali wodalirika, n'chifukwa chake ambiri amaulakalaka mpaka lero, koma mtengo unali wotsika dala, ndipo phindu linkapita kukakuza maesiteti a anthu ochepa.

Choncho phungu kapena nduna ikadzaima pabwalo la sukulu n'kunena kuti titseka malire kuti tikutetezeni, musafulumire kuimba nyimbo. Ifunseni kuti katundu ameneyu inuyo mumagulitsa kapena mumagula. Ifunseni tsiku lotsegulira. Ifunseni amene ali ndi zilolezo m'thumba, ndiponso chimene dziko loyandikana nalo lidzatseke pobwezera, chifukwa usipa wa pano sudyedwa m'Malawi mokha, umawoloka kupita ku Mozambique ndi ku Zambia. Tinasaina mapangano a COMESA ndi SADC, ndipo mu 2021 tinavomereza mgwirizano wa msika umodzi wa Africa yonse. Mapepala amenewa ndi amene mayi wa geni angaloze akamakanizidwa pachipata cha eni, ndipo amafooka nthawi iliyonse imene ifeyo tawaphwanya.

Za nandolo zinasintha mu 2021. India inasowanso, inatsegula chipata, ndipo inasainirana ndi Malawi pangano logula matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu. Mtengo unadzuka, mavenda anabwerera ndi masikelo, ndipo minda ya kumtunda yadzazanso nandolo. Ndikuona anthu akubwerekanso minda, akutenganso ngongole, ndipo mtima wanga suli m'malo. Wogula wamkulu akadali mmodzi yemwe uja. Mvula ikadzagwa bwino zaka ziwiri ku Maharashtra, chisankho chili pafupi, alimi a kumeneko adzakuwanso ndipo boma lawo lidzawamvera. Amene mukubzala chaka chino, siyaniko mizere ya chimanga, ndipo ngongole ya katapila musaitenge poyembekezera mtengo wa chaka chatha.